Woimbitsa Bandi ya Malipenga Amachokera Kuti?

NYIMBO YOTSEGULIRA: Bandi ya malipenga ikuimba nyimbo yogubira. Itsike pang'onopang'ono.

WOULUTSA: M'nyimbo mwamvayo mulibe gitala, mulibe kiyibodi, mulibe woimba ndi pakamwa. Ndi malipenga okhaokha ndi ng'oma. Mabandi otere ngambiri ku Britain, makamaka kumpoto kwa England ndi kumwera kwa Wales, ndipo oimba ake sanalembedwe ntchito yoimba ayi. Masana wina ndi namwino, wina makaniko, wina mwana wa sukulu. Madzulo, kawiri pa sabata, amasonkhana m'kanyumba ka bandi ya kwawo n'kuyamba pulakatisi.

Koma lero maso athu ali pa munthu mmodzi amene simunamumve m'nyimboyi, chifukwa iye saliza chida chilichonse. Ndi uja amaima kutsogolo atafulatira anthu oonerera, kamtengo kali m'manja. Woimbitsa. Kodi munthu ameneyu amachokera kuti? Anaphunzira kwa yani? Nanga ntchito yake yeniyeni n'chiyani, poti kugwedeza manja aliyense angathe? Ndasankha Britain chifukwa kumeneko mbiri ya anthu amenewa inasungidwa bwino kwa zaka zoposa 150, moti tikhoza kuwalondola mmodzimmodzi.

Tiyambe ndi malipengawo. Kale lipenga linkatulutsa mawu owerengeka chabe, monga lija la asilikali lodzutsira anthu m'mawa. Cha m'ma 1815 amisiri awiri a ku Germany, Heinrich Stölzel ndi Friedrich Blühmel, anatulukira timabatani todina ndi zala timene timatalikitsa njira ya mpweya m'kati mwa lipenga, ndipo kuyambira pamenepo lipenga linkatha kuimba nyimbo iliyonse. M'zaka za m'ma 1840 Adolphe Sax, wa ku Belgium koma wokhala ku Paris, anapanga malipenga otere a misinkhu yonse, kuyambira aang'ono olira mokweza mpaka akuluakulu olira pansi. Zida zimenezi zinafika ku Britain pa nthawi imene mafakitale oomba nsalu ndi migodi ya malasha zinali kukoka anthu miyandamiyanda. Zinali zolimba, zosachedwa kuphunzira, ndipo munthu wa manja okakala ndi ntchito ankadina mabatani atatu popanda vuto. Eni mafakitale ena anaona kuti bandi imatchukitsa dzina la kampani komanso imachotsa antchito kumowa. Mu 1855 John Foster, mwini fakitale ya nsalu ku Queensbury m'chigawo cha Yorkshire, anagulira antchito ake zida ndi yunifolomu. Bandi imeneyo ndiyo Black Dyke, ndipo ilipo mpaka lero.

Tsono pali kanthu kena m'kapangidwe ka bandi yotere kamene oonerera sakaona, koma ine ndimati yankho la funso lathu lagona pamenepo. Bandi yonse imakhala ndi oliza malipenga pafupifupi 25, kuphatikiza oimba ng'oma awiri kapena atatu. Manotsi a malipenga onse a mabatani amalembedwa mofanana. Mwana akaona notsi inayake papepala n'kudina batani loyamba ndi lachiwiri pa cornet, mawa akapatsidwa chilipenga chachikulu cha bass adzaona notsi yomweyo n'kudina mabatani omwewo. Chosintha ndi mawu okha, amene adzatuluke otsika. Ndiye kuti munthu akhoza kusamuka mpando popanda kuyambiranso maphunziro.

Tiyeni timutsatire mwana ameneyu. Amafika ali ndi zaka zisanu ndi zitatu kapena zisanu ndi zinayi, kawirikawiri atakokedwa ndi bambo ake kapena mnzake wa kusukulu. Amamubwereka cornet yakale, yophwanyikaphwanyika m'mbali, n'kumukhazika pamzere wakumbuyo. Kumeneko nyimbo yeniyeni saigwira. Ntchito yake n'kuthira mawu apansi othandizira, kuwerenga mumtima pamene ena akuimba, n'kulowa pa nthawi yake osaphonya. Anthu amapeputsa mpando umenewu, koma ndi pomwe khutu limakulira, chifukwa wokhala kumbuyo amamva bandi yonse. Pakapita zaka, milomo yake ikaoneka kuti sikugwirizana ndi cornet, amamusamutsira ku horn kapena ku baritone. Woimba euphonium akachoka m'tauni, iye ndiye amatseka mpatawo. Akamafika zaka 30 wakhalapo pa mipando itatu kapena inayi. Akudziwa pamene mpweya umathera kwa woliza bass. Akudziwa notsi imene imakonda kukwera mopitirira pa cornet, ndiponso kuti woimba amaitsitsa motani. Ndiye tsiku lina woimbitsa wadwala, komiti yayang'anayang'ana, n'kunena kuti, "Iwe, taima kutsogoloku lero." Oimbitsa ambiri ntchito anaiyamba choncho.

NYIMBO: Bandi ikuimba nyimbo ya m'tchalitchi mofatsa, kwa theka la mphindi.

WOULUTSA: Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 panali amuna atatu amene mayina awo ankamveka pa mpikisano uliwonse waukulu, ndipo aliyense anadzera njira yakeyake.

Woyamba ndi John Gladney, wobadwa mu 1839 ku Belfast, mwana wa woimbitsa bandi ya asilikali. Iye chida chake sichinali lipenga koma clarinet, ndipo anaimba zaka zambiri m'gulu lotchuka la Hallé Orchestra ku Manchester. Anabweretsa kwa anthu a m'mafakitale zimene ankamva tsiku ndi tsiku pakati pa akatswiri: kachunidwe kolondola, kaimbidwe kosalala, ndi nyimbo za anthu ngati Wagner ndi Verdi zokonzedwanso kuti zikwane pa malipenga. Bandi ya Meltham Mills ili m'manja mwake inapambana mpikisano wa ku Belle Vue zaka zitatu zotsatizana, 1876, 1877 ndi 1878, ndipo chiwerengero ndi mitundu ya zida imene mabandi akugwiritsa ntchito lero ambiri amati anakhazikitsa ndi iyeyu.

Wachiwiri ndi Alexander Owen, katswiri wa cornet, amene anakhalapo pampando woyamba m'bandi yomweyo ya Meltham Mills pansi pa Gladney. Anachoka pampandopo n'kukaima kutsogolo, ndipo mu 1906 ndi 1907 anayenda ndi bandi ya Besses o' th' Barn mpaka ku America, New Zealand ndi Australia.

Wachitatu ndiye amandigwira mtima. Edwin Swift wa ku Linthwaite, pafupi ndi Huddersfield, anali woomba nsalu. Sukulu anaisiya ali wamng'ono n'kulowa m'fakitale. Kalembedwe ka nyimbo anadziphunzitsa yekha, ndipo asanakwanitse zaka 20 anali akuimbitsa kale bandi ya m'mudzi mwawo. Ntchito yoomba nsalu anaisiya atapitirira zaka 30. Munthu ameneyu ankakumana pa mpikisano ndi Gladney, wokulira pakati pa akatswiri, ndipo nthawi zina woomba nsaluyo ndiye ankatenga chikho.

Mpikisano ndautchula kangapo, tsono ndifotokoze mmene umayendera, chifukwa ndiwo unaumba ntchito ya woimbitsa. Wa ku Belle Vue, mumzinda wa Manchester, unayamba mu 1853. Wa dziko lonse unayamba mu 1900 ku Crystal Palace mu London, ndipo nyumbayo itapsa mu 1936, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha unakhazikika ku Royal Albert Hall. Mabandi onse amaimba nyimbo imodzi yomweyo yosankhidwiratu. M'mawa amachita mayere kuti adziwe woyamba ndi wotsatira, ndipo palibe amene amafuna kutola nambala wani. Woweruza amatsekeredwa m'kachipinda ka matabwa kapena ka nsalu pakati pa holo. Saona yunifolomu, saona nkhope, sadziwa dzina la bandi. Akakonzeka amaliza wezulo kapena kabelu, bandi n'kuyamba, iye n'kumalemba zimene khutu lake likumva. Woimbitsa angagwedeze manja mokongola bwanji, woweruza saziona. Chimene chimafika m'kachipindamo ndi ntchito imene inagwirika masabata apitawo ku pulakatisi.

Chifukwa cha mipikisano imeneyi, mabandi ofuna kupambana anayamba kukhala ndi oimbitsa awiri. Panali bandimasita, munthu wa pamudzi pomwepo, wokhala ndi bandi sabata ndi sabata. Ndiye panali katswiri wolipidwa, wobwera pa sitima kudzachititsa mapulakatisi angapo omaliza n'kuima kutsogolo pa tsiku la mpikisano. Katswiri mmodzi ankatha kukhala ndi mabandi angapo, n'kuwaimbitsa onse pa mpikisano umodzi, kuchoka pa nsanja ndi awa n'kubwereranso ndi awo. William Rimmer wa ku Southport ndiye anafika pachimake pa zimenezi. Kuyambira 1905 mpaka 1909, chaka chilichonse bandi yopambana ku Crystal Palace inali m'manja mwake, ndipo anali mabandi atatu osiyana: Irwell Springs, Wingates ndi Shaw.

Luso la akatswiri amenewa sindikulichepetsa. Munthu wolowa m'chipinda cha anthu osawadziwa, n'kumva kamodzi kokha, n'kuloza pamene pakudwala, ndi waluso ndithu. Koma m'mabuku a zotsatira mumalembedwa dzina la katswiri yekha. Bandimasita uja anaphunzitsa ana kugwira lipenga, anabwereza mzere umodzi kambirimbiri m'nyengo yozizira, anayanjanitsa oimba atayambana, dzina lake mulibe. Zili ngati mayi wasinja, wapeta, waphika, mlendo n'kudzathira mchere mu ndiwo, anthu n'kumatama mlendoyo. Mcherewo ngwofunika, koma ufawo anasinja ndi wina.

Banja limodzi limaonetsa bwino nkhani imeneyi, banja la a Mortimer. Fred Mortimer anabadwa mu 1880 ku Hebden Bridge, ku Yorkshire, ndipo kwa zaka zambiri anali bandimasita. Mu 1923 bandi ya Luton Red Cross, imene iye ankaiphunzitsa, inapambana ku Crystal Palace, koma amene anaima kutsogolo tsiku limenelo anali katswiri William Halliwell. Chapakati pa zaka za m'ma 1920 Fred anasamukira ku Sandbach, m'chigawo cha Cheshire, ku bandi ya kampani yopanga malole ya Foden, kumene katswiri analinso Halliwell yemweyo. Patapita zaka zingapo kampaniyo inamupatsa Fred kamtengo kuti azichita zonse yekha. Tamverani zimene zinatsatira. Foden's inapambana mpikisano wa dziko lonse mu 1930, kenako 1932, 1933 ndi 1934. Mu 1935 sanailole kulowa, chifukwa lamulo linkati wopambana katatu motsatizana apume chaka chimodzi. Itabwerera inapambananso mu 1936, 1937 ndi 1938. Munthu amene kwa zaka zonse zija ankakonzera ena njira anali nalo luso lonse. Chimene chinkasowa ndi mpata basi.

M'bandi imeneyo munali ana ake atatu, Harry, Alex ndi Rex, ndipo onse atatu anadzakhala oimbitsa. Harry Mortimer, wobadwa mu 1902, anayamba cornet ali kamwana, ndipo ali mnyamata anali akuimbitsa kale bandi ya ana ku Luton. Iye anaponda mbali zonse ziwiri: ankakhala pampando woyamba wa cornet ku Foden's, komanso ankaliza trumpet m'magulu a akatswiri monga Hallé ndi Liverpool Philharmonic. Kuyambira 1942 mpaka 1964 anali woyang'anira mapulogalamu a mabandi pa wailesi ya BBC, ndipo kudzera mwa iye malipenga a anthu a m'migodi ndi m'mafakitale ankamveka m'nyumba za dziko lonse. Anaimbitsanso Black Dyke pamene inapambana mpikisano wa dziko lonse mu 1947, 1948 ndi 1949. Anamwalira mu 1992.

Kutengera kwa makolo kumeneku sikunathe. Abale awiri a ku Wales, Robert ndi Nicholas Childs, anaphunzira kwa bambo awo, onse n'kukhala akatswiri a euphonium. Mu 2000 Robert anatenga bandi ya Cory ya ku Rhondda, Nicholas n'kutenga Black Dyke, ndipo kwa zaka zambiri mkulu ndi mng'ono ankalimbirana chikho chimodzi.

NYIMBO: Chigawo chofatsa cha Resurgam, yopeka Eric Ball.

WOULUTSA: Nyimbo mwamvayi inali ya mpikisano ku Belle Vue mu 1950, ndipo wopeka wake, Eric Ball, akutitengera ku njira ina imene oimbitsa amadzera, njira ya tchalitchi.

Mpingo wa Salvation Army, umene ambiri a inu mumaudziwa ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe, unayamba kugwiritsa ntchito malipenga mu 1878 mumzinda wa Salisbury ku England. Charles Fry ndi ana ake atatu ankaperekeza alaliki m'misewu ndipo anabwera ndi malipenga awo. Posakhalitsa pafupifupi mpingo uliwonse unali ndi bandi yake. Mabandi amenewa salowa mipikisano, ndipo oimba ake salandira kanthu. Bandimasita wa kumeneko amaphunzira chinthu chimene mpikisano suphunzitsa: kuperekeza anthu akuimba. Ayenera kudziwa mawu a nyimbo, apume pamene mpingo ukupuma, atsitse malipenga pamene vesi likunena za chisoni. N'chifukwa chake mpaka lero oimbitsa ambiri, ngakhale a mabandi a mpikisano, amatsegula pulakatisi ndi nyimbo ya m'tchalitchi. M'nyimbo yofatsa mulibe pobisala. Wina akakwera pang'ono kapena kutha mpweya msanga, aliyense amamva.

Eric Ball anabadwa mu 1903 ku Kingswood, pafupi ndi Bristol, m'banja la Salvation Army. Ali mnyamata analowa ntchito ku ofesi ya mpingowo yosindikiza nyimbo ku London, ndipo sukulu yake yeniyeni inali imeneyo: kuwerenga ndi kukonza nyimbo za ena tsiku ndi tsiku mpaka kudziwa chimene chimamveka bwino pa chida chilichonse. Anakwera mpaka kukhala woimbitsa International Staff Band, bandi yaikulu ya mpingowo. Mu 1944 anatula pansi udindo wake mumpingomo, ndipo patangopita zaka ziwiri, mu 1946, anapambana mpikisano wa dziko lonse ndi bandi ya Brighouse and Rastrick. Munthu wokulira kumene kulibe mpikisano anagonjetsa anthu okulira m'mipikisano, ndipo ine ndimati chinamuthandiza n'chakuti anazolowera kufunsa kuti nyimbo ikunena chiyani asanafunse kuti ikuthamanga bwanji.

Njira ina ndi ya usilikali. Asilikali a Britain anatsegula sukulu yawo ya zoimbaimba ku Kneller Hall, mu London, mu 1857, ndipo wofuna kukhala bandimasita wa asilikali ankaphunzira kumeneko kwa zaka, kugwira chida chilichonse, kulemba nyimbo ndi kuimbitsa. Ambiri akapuma usilikali ankakathera m'mabandi a m'matauni, atatenga mwambo wosunga nthawi ndi wokonzekera bwino. Major Peter Parkes anachokera kumeneko n'kutenga Black Dyke mu 1975, ndipo anapambana nayo mpikisano wa dziko lonse chaka chomwecho ndi zaka ziwiri zotsatira.

Mphamvu ya bandi ya asilikali ifenso kuno ku Malawi timaidziwa. Magule a malipenga a ku Nkhata Bay ndi Karonga, mganda, ndi beni wa kumwera, anatengera kagubidwe ndi kaimbidwe ka asilikali a m'nthawi ya atsamunda, anthu n'kupanga malipenga awoawo a zipanda. Anthu amene anaona bandi ikudutsa anapita kwawo n'kukapanga yawo ndi zimene anali nazo, ndipo owatsogolera anatuluka pakati pawo pomwepo.

Tibwerere ku Yorkshire, kumudzi wa Grimethorpe, kumene njira zingapo zinakumana m'bandi imodzi. Bandi ya mgodi wa malasha wa kumeneko inayamba mu 1917. Mu 1972 inaitana Elgar Howarth, mwana wa bandimasita, amene anakulira pa cornet koma anapita ku koleji ku Manchester n'kukhala woliza trumpet komanso woimbitsa m'magulu akuluakulu a ku London. Howarth anachita chinthu chimene ena sanachikonde. Anapempha anzake opeka nyimbo zamakono, monga Harrison Birtwistle, kuti alembere anthu a mumgodi nyimbo zovuta, zachilendo m'khutu. Mu 1974 Grimethorpe pamodzi ndi Black Dyke zinaimba ku BBC Proms, chikondwerero chachikulu cha nyimbo ku London. Howarth ankatha kulankhula ndi opeka nyimbo m'chinenero chawo, n'kutembenuka kukalankhula ndi woliza bass m'chinenero chake, chifukwa mbali zonse ziwiri anakhalako.

Ndiye kunabwera chaka cha 1992. Pa 13 Okutobala boma la Britain linalengeza kuti litseka migodi 31, ndipo wa Grimethorpe unali m'gulumo. Patangopita masiku anayi, pa 17, bandiyo inayenera kukwera nsanja ku Royal Albert Hall. Amene anaima kutsogolo anali Frank Renton, mwana wa ku Yorkshire, wokulira pa cornet, amene anadutsa ku usilikali mpaka kukhala mkulu wa zoimbaimba ku Kneller Hall. Taganizirani ntchito ya woimbitsa sabata imeneyo. Ambiri mwa oimba ake angouzidwa kuti ntchito yawo yatha. Atolankhani ali pakhomo. Munthu wosweka mtima mpweya wake sukhazikika, milomo imanjenjemera, ndipo lipenga silibisa. Woweruza m'kachipinda muja sakudziwa kuti akuimbawo ndani, choncho chisoni sichikanawapatsa ngakhale malikisi amodzi. Anapeza 99 pa 100 n'kutenga chikho. Mgodi unatsekedwabe mu 1993, koma bandi ilipo. Filimu ya Brassed Off ya mu 1996 inatengera nkhani ya mudzi umenewu, ndipo malipenga omveka m'filimuyo ndi a Grimethorpe.

NYIMBO: Nyimbo yogubira, kwa theka la mphindi.

WOULUTSA: Masiku ano kwawonjezeka njira ya koleji. Ku Salford, pafupi ndi Manchester, maphunziro apadera a zoimbaimba za bandi anayamba mu 1976, ndipo mmodzi mwa aphunzitsi ake odziwika anali Roy Newsome, amene anali atakhala zaka zambiri ngati woimbitsa wa tsiku ndi tsiku ku Black Dyke. Wachinyamata wa lero akhoza kukhala ndi digiri ya kuimbitsa. Komabe mukafufuza mbiri za ambiri a iwo mudzapeza kuti digiriyo inabwera pamwamba pa zaka khumi kapena kuposa za kukhala pampando m'bandi ya kwawo.

Mayina onse ndatchulawa ndi a pamwamba. Koma mabandi a ku Britain amagawidwa m'magawo asanu, ndipo ochuluka ali m'magawo apansi, m'matauni ang'onoang'ono amene simudzawamva pa wailesi. Woimbitsa wa kumeneko kawirikawiri ndi mphunzitsi woyenda m'masukulu kuphunzitsa ana malipenga, kapena msilikali wopuma, kapena woimba wakale wa bandi yaikulu amene milomo yatopa. Ena amalandira kangachepe ka mafuta a galimoto, ena salandira n'komwe.

Tiyeni tilowe m'chipinda chake madzulo amodzi. Mipando yaikidwa mbali zitatu, iye pakati. Kumanzere kwake kuli ma cornet, kutsogolo ma horn ndipo kumbuyo kwawo ma bass, kumanja ma euphonium ndi ma trombone. Akuwerenga mitu: anthu 18 m'malo mwa 25. Woimba horn yachiwiri ali pa shifiti ya usiku. Wa trombone mwana wake wadwala. Ndiye asanakweze kamtengo watenga kale pensulo, akulemba manotsi a horn yosowayo papepala la baritone kuti mawuwo asasowe. Pamzere wakumbuyo pali mtsikana wa zaka 11, ndipo pambali pake agogo a zaka 70 amene anaphunzitsa theka la anthu a m'chipindamo. Onsewa ayenera kuwadzudzula, koma aliyense mwa njira yake. Agogowo sangawakalipire pagulu. Mtsikanayo akamuchititsa manyazi lero, Lachinayi sabwera. Ndipo palibe amene angamuchotse ntchito kapena kumudula malipiro, pakuti palibe wolipidwa. Woimbitsa wa gulu la akatswiri amalamula anthu olembedwa ntchito. Uyu mphamvu yake yonse ili pa kuchititsa anthu otopa kufuna kubweranso. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito imeneyi wopanda kudekha saitha chaka.

Pamwamba pa izi ayenera kusankha nyimbo zoti anthu akewo angazithe koma zowakoka pang'ono kuti akule. Ayenera kukonzekera mpikisano wa m'chigawo wa mu Febuluwale kapena Malichi, kuimba m'mapaki nthawi yotentha, kutsogolera mwambo wokumbukira asilikali mu Novembala, ndi kuima panja pozizira mu Disembala kuimba nyimbo za Khirisimasi, bokosi la zopereka lili pambali. Kuyambira pamene migodi ndi mafakitale zinatsekedwa, ndalama zogulira zida ndi kulipirira chipinda zimachokera m'mabokosi oterowo, m'makonsati ndi m'zopereka za oimba eni ake.

Pali mbali ina ya mbiriyi imene siyenera kubisika. Mwaona kuti mayina onse ndatchula ndi a amuna. Chifukwa chake chili m'njira yomwe ija tinatsatira mwana uja. Ngati woimbitsa amachokera pampando, ndiye kuti womanidwa mpando wamanidwanso kamtengo. Mabandi a migodi ndi a mafakitale ambiri anali a amuna okhaokha, ndipo ena otchuka kwambiri anachedwa zedi kusintha. Black Dyke inalandira woimba wamkazi woyamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, patapita zaka zoposa 140 chiyambire. Pamene khomo linatsekukiratu panali m'mabandi a ana ndi a m'masukulu, kuphatikizapo National Youth Brass Band of Great Britain, imene Denis Wright anayambitsa mu 1952. Atsikana amene anadzera m'menemo lero akukhala pamipando yoyamba m'mabandi akuluakulu, ndipo amayi oimbitsa akuchuluka, makamaka m'magawo apansi ndi m'mabandi a achinyamata. M'gawo lapamwamba akadali ochepa kwambiri, ndipo makomiti a mabandi amenewo ndiwo ali ndi mphamvu yosankha amene aime kutsogolo.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Sabata yamawa tidzalowa m'kachipinda ka woweruza, kuti timve zimene amamvetsera ndi mmene amagawira malikisi. 

NYIMBO YOTSEKERA: Bandi ya malipenga, mpaka kumapeto.